Chitsime Chili Pansi pa Timabuloko

Chaka chilichonse, mvula ya mu Febuluwale ikatopa n'kuvumba, uthenga unkawapeza a Vitus Mbewe pakanyumba kawo ka lendi pa Mchinji boma, woti kwa mayi Tabeth patitimiranso. Wobweretsa uthengayo, kaya ndi mlonda kaya ndi wanjinga wina wopita kumsika, sankachita kulongosola kuti patitimira pati. A Vitus ankapadziwa monga munthu adziwira dzino lake lobowoka. Ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Anthu inu mudzandipha ndi timabuloko tanuto." Koma wauthenga akangokhota, iwo ankatulutsa malaya awo a kutchalitchi, kuwachapa bwinobwino, n'kuwayanika pawaya. Munthu wokagwada m'matope kuchapa malaya a kutchalitchi! Oyandikana nawo ankangoyang'anana.

Ntchito ya a Vitus inali yoyala timabuloko ta simenti, tija amayala pabwalo ndi panjira yolowera galimoto kwa anthu amene zinthu zikuwayendera. Ndi ntchito yogwada tsiku lonse. Akatolika anzawo ankawaseka kuti iwo kumwamba adzalowa ndi mawondo okha, poti anagwada kuposa masisitere onse a ku Ludzi. Nthabwalayo inkakomera onena. Mawondo eniakewo anali atauma gwa ngati chikopa cha ng'oma, ndipo podzuka m'mawa a Vitus ankayamba anyengerera kaye mwendo uwu, kenaka uwo, asanaponde pansi. Ankayenda choweramira, maso pansi, moti anthu ankati ndi aulemu kwambiri. Sikunali ulemu ayi, msana ndiwo unazolowera, ndipo maso awo sankatha kudutsa pabwalo la munthu osaona pamene madzi adzaime.

Kwawo kunali ku Kapondo. Ali mnyamata anakaperekera matope kwa amisiri ku mishoni ya Ludzi, ndipo kumeneko anaonana ndi Rozi, mtsikana wa m'mudzi wina wa m'mphepete mwa msewu wopita kuboda. Anakwatira monga akwatirira Achewa, mwamuna ndiye anyamula mphasa kukakhala kwa mkazi. Anawalozera malo kumapeto kwa mudzi, iwo n'kumangapo nyumba. Akanalekera pomwepo bwenzi palibe nkhani. Koma a Vitus anabzala mtengo wa mango pakhomo, kenaka poona Rozi akuchokera kudambo, ndowa pamutu mimba patsogolo, anatenga piki n'kuyamba kukumba chitsime pabwalo pomwepo.

Akamwini anzawo anaseka mpaka kugwira nthiti. "A Mbewe, mkamwini sabzala mtengo. Ndiye inu mukuwonjeza ndi chitsime kwa eni? Tsiku lokuthamangitsani mudzachisenza pamutu?" Iwo anangoti chachikulu mkazi wawo asamavutike. Madzi anawapeza atakumba kupitirira msinkhu wa anthu awiri. Kukamwa kwa chitsimecho anamanga ndi njerwa zootcha, ndipo mwana atabadwa, amene anamutcha Benedicta, anamusambitsa madzi a m'chitsime cha bambo ake.

Rozi anamwalira chaka cha chilala chachikulu chija, matipate atatsala pang'ono kubwera. Sanadwale nthawi yaitali. A Vitus anali atawolokera ku Chipata kukasaka ganyu kuti pakhomo papezeke ufa, ndipo uthenga unawapeza mochedwa, anafika anthu atabwerako kumanda. Mlamu wawo, a Goliati, mlongo wake wa Rozi amenenso anali mwini mbumba, sanawakhululukire zimenezo, kapena tinene kuti anapezerapo mpata, chifukwa awiriwa sankamwerana madzi kuyambira kale. Atangometa maliro anawasudzula. "Alamu, munatisungira mlongo wathu, tathokoza. Tsopano ndinu omasuka, mukhoza kukaona kwanu." Mawu aulemu ndithu, koma aliyense amadziwa kuti akutanthauza nyamulani mphasa yanu. Mwana ndi wa kuchikazi, zimenezo sakambirana. Benedicta anali asanayambe ndi sukulu yomwe, ndipo tsiku limenelo anamutengera kudimba kuti asaone bambo ake akuchoka.

Anayesa kubwerako. Ulendo woyamba anafika ndi sopo ndi kadiresi, a Goliati analandira n'kunena kuti mwana wachoka, wapita kwa amayi ake aakulu. Ulendo wachiwiri sanawapatse ndi mpando womwe. Apa ndi pamene a Vitus analakwitsa, ndipo palibe chowaikira kumbuyo. Anapsa mtima, anawolokeranso ku Zambia, n'kukakhalako zaka. Ankadziuza kuti akadzapeza kanthu adzabwera ngati munthu, mwana adzaone bambo ake atavala nsapato. Kanthuko sikanapezeke. Anayesa banja lina kumeneko, losakhalitsa. Chimene anabwera nacho ndi luso loyala timabuloko, limene anaphunzira kwa kontirakitala wina ku Chipata, ndi mawondo oyamba kale kudandaula.

Anapeza dziko litasintha. Matipate anali atabwera, aliyense anali wa geni, msewu wa kuboda unadzaza malole, ndipo malo a m'mphepete mwa msewu anthu ankachita kulimbirana. A Goliati anali atagulitsa chigawo chonse cha kumapeto kwa mudzi kwa mayi Tabeth, mayi wa geni yodumpha boda amene anayamba ndi zitenje m'chikwama n'kufika pomanga nyumba yogona madalaivala. Nyumba ya a Vitus anaigwetsa. Chitsime chija a Goliati anachifotsera mothamanga wogula asanabwere kudzaona malo, ndipo anachifotsera mmene munthu wa kumudzi afotserera dzenje: mapesi, ziputu za fodya, zinyalala za kudzala, kadothi pamwamba, n'kupondaponda. Benedicta naye anapita ndi malo omwewo. Mayi Tabeth ankafuna mtsikana wothandiza ntchito, a Goliati n'kuti tili naye.

Timabuloko toyamba anayala amisiri ochokera ku Lilongwe, kuyambira pageti mpaka pakhonde. Zinkaoneka bwino mpaka mvula inabwera. Lole ina itaponda pakati pa geti ndi mtengo wa mango, pansi panatitimira, madzi n'kuimapo ngati m'beseni. Amisiri a ku Lilongwe anali atapita kalekale, ndiye mayi Tabeth anafunsafunsa pa boma, anthu n'kuloza a Vitus.

Tsiku limenelo analowa pageti n'kuyang'ana pabwalo. Mango aja anali atakula, akupereka mthunzi kwa malole a eni. Sanafunike kuzula kabuloko n'kamodzi komwe kuti adziwe chimene chili pansipo. Anaima m'mphepete mwa chithaphwicho n'kumaona pamene Rozi ankakhazika ndowa, ndi pamene iwo ankaponda pokoka chingwe. Ali chiimire choncho kunatuluka mtsikana wamtali atanyamula kapu ya tiyi ndi sikono pambale. Kayendedwe kanali ka Rozi, ngakhale kapendekedwe ka khosi. Anagwada pang'ono n'kuika mbaleyo pansi.

"Tiyi uyu, a mmisiri."

"Zikomo. Kodi ukundidziwa, Bene?"

Mtsikanayo anawayang'ana kumapazi, osati kumaso. "Anandiuza kuti ndinu ndani. Koma ine bambo anga anapita ku Zambia, sanabwere." Anatembenuka n'kubwerera kukhitchini.

Mawu amenewo anawalasa chifukwa mwanayo sananame. Anatola kapuyo n'kumwa. Komabe anali tiyi wophika mwana wawo, ndipo mawa lake kunabweranso wina.

Kukonza kwenikweni ankakudziwa. Malo otero umafukula zowola zonse mpaka upeze nthaka yolimba, n'kumathira miyala pang'onopang'ono ukutsendera, kenaka mchenga, kenaka timabuloko. Ukatero watha, sadzakuitananso. Ndipo pamenepo ndi pamene panagona nkhani. Pageti pa mayi Tabeth panali mlonda, salowa munthu wopanda chifukwa. Kwa a Goliati kunali kotseka. Pamsewu Benedicta akawaona ankawolokera tsidya linalo. Khomo lokhalo lofikira kwa mwana wawo linali dzenje limenelo. Ndiye a Vitus anazula timabuloko ndi tchizulo, anathira mchenga wa ku Bua pamwamba pa zowolazo, anasalaza ndi thabwa, anabwezera timabuloko mokongola, n'kusesera mchenga m'mipata. Ntchito yoti akanaimaliza dzuwa lisanapendeke anaikoka sabata yathunthu. Pansipo mapesi anapitiriza kuwola, kuwasungira ntchito ya chaka chamawa.

Zinayenda choncho chaka ndi chaka. Madalaivala anawazolowera ngati chikwangwani. Wina wa ku Zambia ankachita kutulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Ba mudala, imwe simusiliza? Chaka chatha ninakupezani pamene apa, mugwada che!" A Vitus ankangokweza dzanja. Mayi Tabeth ndiwo sankaseka.

"A Mbewe, kodi munakwirirapo mankhwala pamenepa? Chaka chilichonse pomwepomwepo!"

"Madzi saiwala khwawa, mayi."

"Khwawa lake liti pakati pa bwalo langa?"

"Komanso malole anuwa ndi olemera."

Mayi Tabeth anali munthu wothamanga, lero ku Lusaka mawa ku Lilongwe, analibe nthawi yofufuza za pansi pa nthaka. Zoti mmisiriyo ndi bambo wa wantchito wawo anazimvapo, koma ankati za m'banja mwa eni salowerera. Za chitsime sanauzidwepo ndi munthu. Ankakalipa, n'kukwera galimoto.

Chimene a Vitus ankapindula pa zonsezi n'chochepa, munthu wina akanachiseka. Kapu ya tiyi m'mawa. "Mwadzuka bwanji, a mmisiri?" "Ndadzuka, kaya iwe?" Basi. Koma ali chogwada choncho ankamuyang'ana mobera mwana wawo akuyanika nsalu za pabedi, akukangana ndi madalaivala osiya matope pakhonde, akuseka ndi anzake kuseri kwa khitchini. Kasekedwe kakenso kanali ka Rozi, kogwira pakamwa. Chaka china anamugulira chitenje, anachiika pansi pa thumba la zitsulo, anayenda nacho sabata yonse, n'kubwerera nacho kunyumba chitadetsedwa ndi fumbi la simenti. Chaka cha njala ija ya 2002, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, iwo anabwera atatha ngati ndodo, ndipo pambali pa tiyi anapeza masikono awiri m'malo mwa imodzi.  Sikono yachiwiriyo anaikumbukira chaka chonse.

Za ukwati wa Benedicta anamva kwa mlonda. Anakwatiwa ndi dalaivala wina wa lole, munthu wofatsa koma wosakhazikika pakhomo, ndipo unkhoswe anayendetsa a Goliati. A Vitus sanaitanidwe. Tsiku la ukwatilo anakhala pakhonde pawo akukonza mpini wa piki umene sunali wothyoka.

Anatopa, tisabise. Anatopa ndi kugwada, anatopa ndi kunama, anatopanso ndi kudikira mvula ngati mlimi pomwe analibe ndi mzere umodzi womwe. Anzawo amsinkhu wawo anali atakhala pansi, akutuma adzukulu fodya ndi moto, iwo ali m'kanyumba ka lendi ndi mphika umodzi. Nthawi zina ankadziuza kuti chaka chino ndinena, ndimuuza zonse, andinyoze kaya andimenye. Koma kapu ikafika, m'kamwa munkangotuluka zikomo.

Chaka chimene zinthu zinatembenuka, uthenga sunabwere ndi mlonda. Anabwera mayi Tabeth eniake, galimoto n'kuimika pakhomo penipeni, osazimitsa ndi injini yomwe.

"A Mbewe, dzenje lanu lija lapweteka munthu. Benedicta wagwapo dzulo ndi beseni la zochapa pamutu. Madzi anabisa, iye n'kuponda m'mphepete, kabuloko n'kupendekeka. Mukudziwa kuti ndi woyembekezera? Watsala pang'ono."

A Vitus sankadziwa. Akanadziwa bwanji, munthu womuona kamodzi pachaka? 

"Ali kuti? Nanga mwanayo?"

"Tinathamangira naye kuchipatala. Akuti mwana ali bwino m'mimbamo, ndi Mulungu yekha. Koma phazi latupa, sakuponda. Ine ndatopa nazo, a Mbewe. Mukonze komaliza, apo ayi ndiitana ena athire konkire ponsepo."

Galimoto itapita anakhala pansi pakhomo pomwepo. Anayamba ndi mantha, kenaka manyazi. Chitsime chija anachikumba kuti mayi woyembekezera asamavutike ndi ndowa, ndipo chitsime chomwecho, chifukwa cha iwo, chinatsala pang'ono kupha mwana wa mayiyo pamodzi ndi mdzukulu wawo. Malaya a kutchalitchi sanawachape ulendo umenewu. Anatenga piki ndi fosholo.

Anazula timabuloko mozungulira, kupitirira pamene panatitimira, n'kutiunjika pambali motsatana kuti kalikonse kadzabwerere pamalo pake. Anachotsa mchenga wa chaka chatha, pansi pake wa chaka chinacho, pansi pakenso wina, mabodza awo onse atasanjikizana bwinobwino. Kenaka piki inagunda njerwa zootcha za kukamwa kwa chitsime, zomwe zija anamanga ndi manja awo. M'kati mwake munali chidothi chakuda chonunkha, mapesi osanduka manyowa, mapale a miphika, zigamba za matumba a feteleza. Analowamo ndi ndowa, akutsika ndi kukwera pamakwerero obwereka, munthu wa mawondo akutha. Mlonda ankawathandiza kukoka ndowayo akadzuka ndi mtima wabwino, masiku ena ankangoonerera.

Tsiku lina akutuluka m'dzenjemo, matope mpaka m'makutu, anapeza Benedicta ataima pamwamba, atatsamira ndodo, mimba patsogolo, kapu ya tiyi m'dzanja linalo. Sankayang'ana iwo. Ankayang'ana njerwa zozungulirazo.

"Apa panali chitsime," anatero. "Amayi ankandiletsa kusuzumira."

"Eya."

"Inu mumadziwa?"

"Ndinakumba ndine, iwe uli m'mimba."

Benedicta anayang'ana mulu wa mchenga ndi mulu wa zowola. Sanali mwana wopusa. "Ndiye zaka zonsezi mumangothira mchenga pamwamba, mukudziwa kuti pansi pali dzenje?"

"Eya."

"Ndikanapita padera ine, a mmisiri. Mukuzidziwa zimenezo? Ndikanataya mwana chifukwa cha ulesi wanu."

"Si ulesi, Bene." Mawuwo anatuluka movutika, ngati ndowa yodzaza matope. "Ndikanakonza kamodzi n'kutha, pageti paja ndikanalowanso ndi chiyani? Ndinalibe njira ina yokuonera. Ndalakwa, mwana wanga. Ndinalakwa kale lija, ndalakwanso apa."

 Benedicta anaika kapu pamulu wa timabuloko n'kubwerera akutsimphina. Mawa lake tiyi anabwera ndi mtsikana wina, mkuja chimodzimodzi, mpaka ntchito inatha.

Ndipo anaigwira ntchitoyo mmene imayenera kugwiridwira, ngati munthu wokwirira m'bale wake. Atafika panthaka yolimba, ngolo zinabweretsa miyala ndi dothi lofiira. Ankathira pang'ono, kuwaza madzi, n'kusinja ndi chipika cholemera mpaka chipikacho chizidumpha chokha, kenaka n'kuthiranso pang'ono. Mapewa anatentha, m'manja munatuluka matuza pamwamba pa zipsera zakale. Njerwa za kukamwa kwa chitsime zinalowa m'dothi iwo akuona, ndipo pamenepo anaima kaye, anavula chipewa, n'kupitiriza. Atafika pamwamba anayala mchenga, anakoka chingwe, anasalaza ndi thabwa mopendeketsa pang'ono kuti madzi azithawira kungalande. Timabuloko anatibwezera kamodzikamodzi akutigogoda ndi mpini wa hamala, n'kusesera mchenga wosefa m'mipata. Lole yodzaza feteleza inadutsapo, osagwedezeka n'kamodzi komwe.

Mayi Tabeth anawomba m'manja. "Mwaona, a Mbewe? Mukafuna mumatha!"

A Vitus anasonkhanitsa zitsulo zawo n'kuyang'ana kukhitchini. Chitseko chinali chotseka. Anatuluka pageti akudziwa kuti adzitsekera okha.

Chilimwe chinadutsa. Anamva kwa anthu kuti Benedicta wachira, ndi mwana wamkazi. Anathokoza Mulungu ali okha m'nyumba, poti panalibe womuuza. Ntchito zinayamba kusowa, chifukwa achinyamata anali ataphunzira kuyala timabuloko, ndipo iwowo amagwada n'kudzuka osagwira pansi. Mvula itabweranso inagwa yambiri, madambo onse kusefukira. A Vitus ankakhala pakhonde kumvera malata akulira, n'kumapempha Mulungu chinthu chimene mmisiri sapempha, choti ntchito yawo iwonongeke. Kenaka ankakumbukira beseni la zochapa lija n'kulibweza pempherolo. Tsiku lina anayenda wapansi mpaka kukadutsa pageti paja ngati munthu wa ulendo wake, n'kusuzumira. Panali posalala see, madzi akuthawira kungalande monga anawakonzera. Sanadanepo ndi ntchito ya manja awo ngati tsiku limenelo.

Febuluwale anatha, Malichi naye anapita. Chimanga chinauma m'minda. Malaya a kutchalitchi anangokhala a kutchalitchi basi.

M'mawa wina, anthu atayamba kale kuimika mikukwe, anamva odi pakhomo. Anatuluka akukoka miyendo, n'kupeza Benedicta ataima pabwalo, mwana kumbuyo, thukuta kumaso, poti kuchokera kwa mayi Tabeth ndi kamtunda ndithu.

"A mmisiri, patitimiranso."

Chimwemwe ndi manyazi zinawafikira pamodzi. Patitimira bwanji pomwe anasinja mpaka mapewa kufuna kuguluka? Koma sanafunse. Analowa m'nyumba, anavala malaya aja osachapa, ananyamula thumba la zitsulo ndi thabwa lawo. Ananyamuka. Benedicta anali patsogolo, iwo pambuyo, kamwanako kakuwayang'ana ndi maso aakulu kuchokera m'chitenje.

Mayi Tabeth anali ku Lusaka. Mlonda ataona thabwa anatsegula geti osafunsa. A Vitus anafika pakati pa geti ndi mtengo wa mango, anayang'ana uku ndi uku. Anagwada akubuula, n'kugoneka thabwa pa timabuloko. Linakhala bwinobwino, popanda mpata wolowa ndi nyerere yomwe. Analitembenuza, analigoneka chopingasa, chimodzimodzi. Anadzutsa mutu. Benedicta ankayang'ana m'mwamba, kunthambi za mango.

"Pati, Bene?"

"Pomwepo. Simukuona?"

A Vitus anayang'ananso thabwa lija, misozi ili lengelenge.

"Eya," anatero. "Patitimiradi."

"Zitenga masiku angati?"

"Ntchito yotere sathamangira. Komanso mawondo anga ndi awa ukuwaonawa."

Anatulutsa tchizulo, anazula kabuloko kamodzi n'kukaika pambali, kuti mlonda aone kuti ntchito yayamba. Benedicta anapita kukhonde n'kubwera ndi thumba lopindapinda, analiyala pansi pafupi ndi mawondo awo. A Vitus atakhalapo, iye anamasula chitenje, anatsitsa mwana, n'kumukhazika pamiyendo pawo osawayang'ana kumaso.

"Khala ndi agogo ako apa," anauza mwanayo, "ndikatereke tiyi."

Kamwanako kanagwira batani la malaya a kutchalitchi n'kuyamba kulikoka. Misozi inatsikira m'ndevu, ndipo a Vitus sanaipukute, poti manja onse awiri anali atagwira mwana.